Makoko a mayi Fyness

Ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Doornfontein, ku Joni kuno. Pakhonde lomwelo, kwa zaka zinayi, mayi Fyness a ku Thyolo ankagulitsa mkate wa nthochi, uja timaphika titakulunga m'masamba.

Ku Joni masamba a nthochi ndi osowa. Ogulitsa ena amangothira m'jumbo n'kuwiritsa. Mayi Fyness ankati mkate wa m'jumbo umachita thukuta, pofika masana wasasa, ndipo umanunkha pulasitiki. Iwo ankalawirira ku Park Station kwa azimayi ootcha chimanga, kukatola makoko otayidwa. Ankawatsuka, kukulungamo mkate wawo, n'kumanga ndi kaluzi kong'amba pa khoko lomwelo.

Timitolo timeneti ndi timene tinautsa mlandu. Eni dziko ankatiyang'ana cham'mbali. Ena anakauza Kagiso, woyang'anira sitoloyo, kuti mayi wa ku Malawi akugulitsa muti pakhomo pake, mankhwala a kwa sing'anga. Kagiso si munthu woipa, koma amaopa pakamwa pa makasitomala. Anabwera ndi mpukutu wa majumbo, nauza mayi Fyness kuti pofika Lachisanu azikulunga ngati anzawo onse, apo ayi achokepo. Khondelo lili ndi mthunzi, ndipo mvula sifikapo.

Mayi Fyness anamasula kamtolo kamodzi n'kumuninkha. Iye anabisa manja kumbuyo.

"Ukuopa chiyani, mwana wanga? Muti umenewu umangochiza njala."

Lachinayi ndinawanong'oneza kuti angokulunga makoko mkati, jumbo kunja, nkhani ithe.

"Abambo Elia, inu mungamate nsapato ya munthu ndi selotepi kuti Kagiso asangalale?"

Ndinapitiriza kusoka.

Lachisanu m'mawa anabweza mpukutu uja wosatsegula, anasenza tebulo lawo n'kuwoloka msewu. Tsidyalo kulibe khonde, kuli mpanda wa fakitale ndi dzuwa basi. Makasitomala ena anawataya. Azibambo a ku Mangochi otsitsa katundu m'malole anawalondola, pakuti mkate wa m'makoko amauika m'thumba la ovolosi n'kudya madzulo uli bwinobwino.

Pamalo pawo Kagiso anaikapo wogulitsa zikwama za mafoni. Wogulitsayo sindilankhulana naye kwenikweni.

Tsidya lija ndimawaonabe mayi Fyness ndikadzutsa mutu. Mvula ikayamba amavula chitenje cha pamwamba n'kuvundikira dengu, iwo n'kuima chilili, akunyowa.