Nsato ya a Gondwe ndi Bere la Amayi

Ndikukumbukira chaka chija sukulu itangokhala yaulere, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anzanga anathamangira ku sukulu, ine ndinangolawako n'kubwerera, chifukwa amayi anali ndi khanda, khanda limafuna msana, ndipo msana wake unali wangawu. Ndiye mukaona zilembo zanga zikukhotakhota ngati kanjira ka m'tiyi, sekani, nanenso ndikuseka. Lero ndine gogo, mdzukulu ali pamiyendo, mano onse ali m'kamwa, nkhani ndili nayo.

Tinkakhala m'malaini a pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Abambo anali kalipentala wa kampani. Amayi ankachapa ndi kusita kunyumba kwa a Gondwe, bwana wamng'ono woyang'anira minda, munthu wochokera kumpoto, wamtali, wosakwatira, wa mawu ochepa. Bwana ameneyu ankaweta nsato. Anthu akuswa mphanje kudambo anaipeza, akufuna kuipha, iye n'kuwaletsa. Anauza abambo kuti aipangire khola, abambo n'kulipanga lokongola: mitengo ya bulugama m'makona, waya wa sefa wotsala kufakitale mbali zonse. Nsonga za waya anazipindira mkati, kuti zisang'ambe buluku la bwana akamadutsa. Analiika kuseri kwa khitchini, pa simenti, posafika dzuwa, pakuti tonse tinkadziwa kuti njoka imakonda pozizira.

Munthu kuweta nkhuku timamva, kuweta nkhunda timamva. Koma njoka? Kumpopi azimayi ankatsitsa mawu. Mwana wamng'ono chotere ubwana waupeza bwanji? Mkazi sakwatira bwanji? Yankho linali limodzi, lili m'khola muja: njoka ya chuma, njoka yokhwimira.

Ine ndinkakhala pafupi ndi kholalo tsiku lililonse, khanda lathu lija, Tiyese, lili kumbuyo, chifukwa chingwe choyanikira chinali pomwepo. Poyamba ndinkaiopa, kenako ndinaizolowera ngati galu wa eni. Ndinkaiona ikukweza mutu pakona, khwee, khwee, kukhula mphuno pa waya, kutsika, kukweranso. Ndinkati ndi kavinidwe kake, mpaka ndinkaiimbira nyimbo.

Inafika Juni, chiperoni chinatsika m'phiri, dziko lonse n'kuyera ngati utsi. Nsato inasiya kudya. Anapiye oipatsa kuti idye ankaiyenda pamsana, iyo chete. Kukamwa kunatupa mbali imodzi, osatsekekanso bwino, malovu ali ndambaa mpaka pansi. Ikayasamula ndinkaona nkhama zofiira, ndi zinthu zoyera zomatirira m'mbali mwa mano, zonga chambiko. Fungo lake lokha linali lothamangitsa munthu.

Masabata omwewo Tiyese naye anatuluka tizilonda toyera palilime ndi m'masaya. Akagwira bere n'kulilavula, n'kulira, kulira kosatha.

Mlonda wa kwa bwana ndiye anakanena kumpopi za chambiko cha m'kamwa mwa njoka. Amake Joni, oyandikana nafe khomo, anaika ndowa pansi n'kulumikiza nkhani ziwirizo ngati akusoka chigamba. Anati agogo awo ku Mozambiki anaziona: njoka imayamwa bere la mayi, mchira wake n'kuuika m'kamwa mwa khanda kuti lisalire. Khanda limatuluka zilonda, njoka mkaka n'kuiwira m'kamwa. Anafunsa kuti nanga amayi anga amapatsidwiranji sopo ndi shuga kwa bwana, ochapa ena osapatsidwa?

Nkhani inafika kwa abambo dzuwa lisanalowe. Sanakalipe. Anangosiya kuseka, n'kuyamba kuyang'ana. Amayi akavala bulauzi, abambo maso pa bulauzi. Amayi akachedwa pang'ono, abambo maso pa msewu. Shuga wa kwa bwana anakamutaya kudzala. Nanenso, ndisaname, amayi akamasamba ndinkawabweretsera madzi osandituma, kuti ndione ngati pabere pali zipsera za mano. Sindinaone kanthu, koma mtima unati mwina njoka ya chuma siisiya chipsera.

Tsiku lina abambo analankhula, nkhope ili kukhoma, akuitana amayi ndi dzina langa.

"Amake Esinati, Loweruka mupite kwanu ku Thekerani. Ana musiye."

"Khanda loyamwa ndilisiyire ndani?"

"Kodi chimene chikuyamwacho ndi khandalo?"

Amayi anayala chitenje pansi, n'kuikamo zovala zawo, mapoto awo awiri ndi buku la nyimbo la kumvano, n'kumanga mfundo. Mtolo unakhala pakhomo ngati mlendo woyembekeza basi. 

M'mawa mwake amayi anabereka Tiyese okha kupita ku kiliniki ya kampani. Anesi anati ndi matenda a makanda ambiri, anam'paka jivi, mankhwala a pepo aja, n'kuwapatsa ena m'kabotolo. Tsoka ilo, tsiku lomwelo a Gondwe anakatenga dokotala wa ng'ombe kuboma, ndipo m'chikwama mwake munalinso jivi yemweyo. Madzulo pa esiteti panali pakamwa pawiri pa pepo, pa khanda ndi pa njoka. Amake Joni anatsala pang'ono kuvina. Anati matenda amodzi, mankhwala amodzi, mufunanso umboni wanji?

Dokotala anati abweranso Loweruka m'mawa kudzatsuka m'kamwamo bwinobwino, koma pafunika mwamuna wa manja olimba woigwira. Wa m'dimba anadwala mutu, mlonda anakumbukira maliro. A Gondwe anatumiza mawu kwa abambo. Abambo anavomera, osati chifukwa cha chisoni, koma ankafuna kuona mkaka wa mkazi wawo ndi maso awoawo. Abambo akutuluka, amayi anati ali chikhalire pamtolo, "Pitani mukamuone mnzanu amene mukuti ndikumuyamwitsa. Esinati, aperekeze, asasochere."

Nsato anaitulutsa m'khola n'kuigoneka pa chiguduli. A Gondwe anagwira khosi, abambo pakati. Chinyamacho chinali cholefuka, khungu lili lende ngati malaya obwereka. Dokotala anaika mpini wa supuni wokulunga nsalu pakati pa nsagwada, n'kuyamba kuchotsa zoyera zija ndi thonje, pang'onopang'ono. Pansi pake panali zilonda, magazi, ndi malo amene mano anagweruka. Anati amenewa ndi mafinya, mafinya a njoka ndi olimba chomwechi. Anatsuka, anapaka, anabaya jakisoni. Kenako anafunsa kuti masana amakhala nayo pafupi ndani.

Onse anandiyang'ana ine. Chiyambire nkhaniyi panalibe anandifunsapo kanthu.

"Iwe mwana, imatani ikakhala yokha?"

"Imavina," ndinatero, n'kuloza pakona, n'kuwasonyeza ndi mutu wanga, khwee, khwee.

Dokotala analowetsa dzanja m'khola, anayendetsa chala pakona paja, n'kuchibweza chikutuluka magazi. Abambo anapempha a Gondwe kuti agwire okha kaye. Anagwada, analowetsa mutu ndi phewa m'khola limene anapanga okha. Pa nsonga za waya zimene anapindira mkati panali mamba omata, magazi ouma, ndi kadzino kamodzi kopyapyala ngati munga wa usipa. Anakaika pachikhatho, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

Dokotala anafotokoza kuti njoka ikafuna potulukira imadzicheka pakamwa, kuzizira kwa simenti n'kuifoola, dothi n'kulowa m'mabala, m'kamwa n'kuyamba kuola. Zikachedwa zimalowa m'fupa, basi yapita. A Gondwe anakhala pansi pa simenti pompo n'kunena motsitsa kuti iwo ankaganiza kuti anaipulumutsa.

Abambo anatsokomola, n'kufunsa ngati akufunsira munthu wina: kodi njoka ingathe kuyamwa bere la munthu? Dokotala sanaseke, Mulungu amudalitse kumene ali. Anaitsegulanso kukamwa.

"Onani nokha, bambo. Milomo yoyamwira ili kuti? Mano onsewa akuloza kummero ngati mbedza. Bere litalowa umu lingatuluke nsanza."

Pobwerera abambo anali patsogolo, ine pambuyo, kadzino kali m'thumba la malaya awo. Tinapeza amayi atavala kale nsapato za ulendo, Tiyese ali pabere, akuyamwa ndi kakamwa kake ka pepo, mpwe, mpwe, mpwe. Abambo anaima. Kenako anawerama, mwamuna wamkulu, amake Joni akuonerera pakhomo pawo, n'kumasula mfundo ya mtolo ndi mano. Mapoto anakaika posayenera, buku la nyimbo pamwamba pa thumba la ufa.

"Amake Esinati, waya uja ndinapinda ndine."

Amayi anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu. "Ndiye mukawongole," anatero, n'kuvula nsapato.

Anakawongoladi. Khola latsopano linali la matabwa opala bwino, osalala ngati tebulo la kutchalitchi, pamalo ofika dzuwa la m'mawa, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chiguduli masiku a chiperoni. Tiyese anachira msanga, lero ndi bambo wa ndevu zake. Nsato inachedwa, koma inayambanso kudya, mphuno itapindika mbali imodzi. Kutatentha a Gondwe anakaimasula kunkhalango ya m'phiri. Amake Joni anati yapita chifukwa yakhuta. Mpaka kumwalira kwawo ankatero, ndipo maliro awo amayi ndiwo anaphika ndiwo.

Lero ndikudziwa kuti mtima wokayika uli ngati mbuzi, palibe chimene umakana: sopo umadya, shuga umadya, ngakhale mankhwala ochiritsa umadya n'kumati ndi umboni. Tonse tinathamangira kufunsa kuti walodza ndani, pomwe yankho linali pakona pa khola, poonekera, kamwana kakuliimbira nyimbo tsiku ndi tsiku. Mwezi wathawu mdzukulu wangayu anatuluka tizilonda toyera palilime, ndipo mayi wina anayamba kale kunong'ona za apongozi ake a mwana wanga. Ine ndinamanga chitenje, ndinamubereka, ndinapita naye ku kiliniki ndikuimba njira yonse. Ndisanaloze munthu chala, ndimayamba ndalowetsa dzanja m'khola langa, kumva ngati waya wobayayo sindinapinde ndekha.