Nyimbo ya Panjira ya Kumanda

Mayi anga sankadziwa kulemba, koma anapeka nyimbo imodzi, ndipo imodzi yomweyo anawabera. Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti amene anatsegulira mbava chitseko ndi ine ndemwe, mwana wawo, mphunzitsi wathunthu.

Anaipeka chaka chimene tinaika mlongo wanga, mzime m'nyumba mwathu. Anamwalira ndi malungo nthawi ya nazale za fodya. Anthu atabalalika pamaliro, mayi anabwerera kudimba, poti nazale sidziwa kuti pakhomo pagwa zovuta. Ankatunga madzi ndi keni, kuthirira, uku akuyimba chapansipansi: "Ndathirira m'mawa, ndathirira madzulo, Mwini munda wazula yekha." Mawu ake anali ochepa chomwecho. Chimene chinkaliza anthu ndi mmene ankakokera mawu omalizawo, mpaka liwu lawo kusweka.

Amayi a mumpingo mwathu anaiphunzira, koma mayi anaika lamulo. Sankalola kuti iyimbidwe m'tchalitchi, kapena pamsonkhano wa amayi, kapena potsuka mbale. "Iyi ndi ya panjira," ankatero. Inkayamba bokosi likatuluka m'nyumba, n'kutha tikafika pamitengo ya kumanda, ndipo woyambitsa anali iwo basi. Kukagwa maliro ngakhale cha ku Kabudula, ankatumiza njinga kudzawatenga. Ankavala bulauzi yawo yoyera, kukhala pakaliyala, n'kumapita. Ntchito yawo pakati pa anthu inali imeneyo, ndipo ankainyadira.

Malume atamwalira, mwana wawo anali ku Joni, mapepala ake osalongosoka, moti sakanatha kubwera. Anandiyimbira foni akulira kuti ndimujambulire mwambo wonse. Ndinkadziwa kuti mayi sangalole, choncho ndinabisa foni m'chitenje, n'kumayenda pambali pawo kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Vidiyo yonse ndinamutumizira. Iye, mwa chisoni chake, anaiika pa intaneti kuti anzake aone mmene bambo ake anaperekezedwera. Ine ndinadziona ngati ndachita zanzeru. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Patapita miyezi ndinapita pa Nsaru tsiku la msika kukagula sopo ndi mchere. Ndikudutsa pakashopu kamene amalowetsa nyimbo m'mafoni, ndinamva mayi anga akuyimba. Ndinatembenuka kuwafunafuna. Anali m'sipika! Liwu lawo analithamangitsa, pansi pake anaikapo ng'oma za makina, ndipo mayi akamaliza mzere wawo, mwamuna wina ankalowererapo kukuwa za mowa ndi ziuno. Pamalo penipeni pamene liwu lawo limasweka, pamene amakumbukira mlongo wanga, mpamene ng'oma zinkakolera. Amayi ogulitsa tomato ankagwedeza mapewa. Ndinalavula.

Ndinalowa m'kashopumo ndili lawilawi. "Bambo, nyimbo iyi mwaitenga kuti?"

"Yavuta imeneyi, Amayi, aliyense akuifuna," anatero mwini shopu, n'kutchula dzina la woyimba wina wa m'tauni. "Ndikuikireni?"

"Akuyimbawo ndi mayi anga. Imeneyi ndi nyimbo ya maliro."

Anaseka, mano onse pamtunda. "Za pa intaneti ndi za aliyense. Ngati simufuna kuti anthu atole, osataya pamsewu."

Kusukulu nako sindinapeze wondimvera. Mphunzitsi mnzanga, bambo wokonda mtsutso ngati chakudya, anandiuza kuti nyimbo ilibe mwini, makolo athu ankangolandirana osafunsana, ndipo mayi ayenera kuthokoza kuti dziko lonse likuwamva. Ndinamufunsa ngati mbuzi yake ikamadya msipu kudambo imasanduka ya aliyense. Anati mbuzi ukaitenga mwini wake amatsala chimanjamanja, koma nyimbo ukaitenga mwini wake amakhala nayobe. "Mayi anu ataya chiyani? Si akhoza kuyimbabe, eti?" Ndinanyamula mabuku anga n'kupita m'kalasi, funso lakelo likundipweteka.

Ndinakwera basi mpaka m'tauni, kuofesi yoona za eni nyimbo. Anandilandira bwino, n'kundifunsa umboni wakuti mayi ndiwo anaipeka. Umboni wanga unali dimba, keni ndi manda a mlongo wanga. Woyimba uja anali atailembetsa kale m'dzina lake. Anandilangiza kuti ndipeze loya, ndinangobwerako.

Mayi ndinkawabisira, koma wailesi sibisa. Tsiku lina masana tikusankha fodya m'chigafa, woyimba uja anali pawailesi. Atamufunsa kumene anaitenga nyimboyo, galu ameneyo anayankha wopanda ndi manyazi omwe kuti anailota kutulo. Kenako awailesiwo anaiika. Mayi anasiya tsamba lili m'manja, n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Kodi nayenso anaika mwana?" anafunsa.

Ndinaweramira pafodya wanga.

"Nanga mawu angawa anamupatsa ndani?"

Ndinagwada pomwepo n'kuulula zonse. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangoti, "Iwe, unabisa foni m'chitenje pamaliro a malume ako?" Anatola tsamba lina n'kupitiriza kusankha.

Yankho la funso la mphunzitsi mnzanga uja ndinalipeza pamaliro a mwana wa mayi wina woyandikana nafe. Bokosi litatuluka, mayi anayambitsa monga mwa nthawi zonse. Asanamalize mzere woyamba, mmodzi mwa onyamula bokosi anayamba kugwedeza mutu motsatira ng'oma zimene panalibe. Wina kumbuyo anamalizitsa ndi mawu a mowa aja chonong'ona, ndipo kunamveka kuseka kotsamwa. Kuseka, pamaliro a mwana! Mkulu wa mpingo anathamangira kutsogolo, nawerama pafupi ndi mayi.

"Amayi, pepani, nyimbo za kubala pamaliro ayi."

"Ya kubala? Inu simukudziwa mwini wake?"

"Tikudziwa, Amayi. Koma anthu akuseka."

Munthu ameneyu mayi anamuyimbira nyimbo yomweyo poperekeza mkazi wake, iye misozi ili chuchuchu. Mkuluyo anatsegula buku, nayambitsa ya m'buku. Mayi anabwerera m'mbuyo, n'kulowa pakati pa gulu ngati munthu wamba. Kuyambira tsiku limenelo njinga sinabwerenso kudzawatenga, ndipo ngakhale kudimba ankathirira ali duu. Mphunzitsi mnzanga uja ananama. Wakuba anatenga, ndipo mwini wake anatsala chimanjamanja.

Mayi anakhalako zaka zingapo, kenako anadwala n'kutisiya. Ndinapempha amayi a mumpingo kuti awaperekeze ndi nyimbo yawo. Anayang'anana, n'kunena kuti akuopa chitonzo pamaliro a munthu wamkulu. Ndinakwiya, koma ndikanakwiyira ndani, ine mwini foni?

Njira ya kumanda kwathu imadutsa pamagolosale, ndipo pali kabala kamodzi pamenepo. Kwathu maliro akamadutsa, wapanjinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amazimitsa. Tikuyandikira, nyimbo ya m'buku inali itangotha, wina asanayambitse ina. M'kachetechete ameneyo ndinamva liwu la mayi likuchokera m'sipika ya pakabalapo, ng'oma zake zili pansi. "Ndathirira m'mawa, ndathirira madzulo." Anali panjira, bokosi litatuluka, monga mwa lamulo lawo, akudziperekeza okha. Ndinafuna kukuwa kuti isiyeni ithe.

Mwini bala anatiwona. Ndi munthu wa ulemu wake, anavula chipewa, nathamangira m'kati. Anawazimitsa asanamalize mzere.