Sadaka ya Abasi

Safiya, mlimi wa mpunga wa kufupi ndi boma la Nkhotakota, anatha zaka zambiri asali wapabanja, asalinso wamasiye. Mwamuna wake Abasi, msodzi wa usipa, anatengedwa ndi anyamata a chipani nthawi ya chipani chimodzi, atanena pamsika kuti khadi la chipani silidyeka. Anapita naye cha kudooko. Sanaonekenso.

Shehe wa pamudzi anakana kuti pachitike sadaka ya womwalira. "Mtembo anauona ndani, mayi? Tiphikire munthu wamoyo?" Choncho Safiya ankangolima, kulera ana, n'kumabweza amuna omufunsira, pakuti mkazi wa munthu amene sanafe sakwatiwa.

Matipate itabwera, makomiti anaswana ngati udzudzu wa m'dambo. Ina inali komiti yosunga mbiri, ndipo wapampando wake anali a Grey, mmodzi wa anyamata aja, amene anagwira Abasi pakolala, kungoti tsopano malaya awo anali a mtundu wina. Komitiyo inakonza ulendo wapansi wotsata njira ya akapolo, kuti alendo a mabungwe akaone okha kuti nkhanza ndi zinthu zamakedzana. Inalemba Safiya ganyu yosenza madzi akumwa.

Anadutsa m'minda ya chinangwa dzuwa likuswa mtengo, a Grey ali patsogolo ndi ambulera. Anaonetsa alendo mzikiti wakale, ndi pamene ankati anthu ankavekedwa goli. Mzungu wina wamkazi analira. A Grey anamubwereka mpango.

Atafika padooko pomwe zombo zinkanyamulira anthu, Safiya anatula ndowa.

"Bambo Grey, nanga a Abasi munawakwezera pati? Si pompano?"

"Mayi, pulogalamu ya lero ikulekezera pa nthawi ya akapolo. Zanuzo zili ndi komiti yake."

"Imakumana kuti?"

"Sinakhazikitsidwe. Tawapatsani alendo madzi."

Kunena kuti ayi, sanamukwezere pamenepo, a Grey sananene.

Pulogalamu inati potseka pakhale pemphero, ndipo woitanidwa anali shehe yemwe uja. Anatambasula manja napempha Mulungu kuti achitire chisoni onse amene anatsikira padooko lija osabwerako. Alendo anaweramitsa mitu, wina akujambula.

Anthu atangoti amini, Safiya anaima patsogolo pa shehe.

"Mwati onse?"

Shehe anayang'ana a Grey. A Grey anali akuyang'ana ngalawa za asodzi ngati sanazionepo chibadwire.

"Ndati onse," anatero shehe chapansipansi, koma zinamveka.

Safiya anasiya ndowa pamchenga pomwepo, alendo akadali ndi ludzu, n'kuuyamba wa kumudzi kukapuntha mpunga. Panjira analira maliro mokweza, monga achitira mkazi amene wangomva kumene uthenga, ndipo amayi otuluka m'minda ankafunsana kuti wamwalira ndani.

Sadaka inachitika Lachisanu. A Grey anatumiza mawu opepesa kuti safika: anali ku Lilongwe, ku semina ya ufulu wachibadwidwe.