Malimu a Mabowo Asanu

Amuna anga ankakonda malimu a matayala a galimoto yawo kuposa mmene ankakondera nsapato zawo. Loweruka lililonse ankawapukuta ndi mswachi wakale, ine ndikuwanena kuti akwatire malimuwo. Mvula ikayamba ankawachotsa, kuopa maenje a m'misewu ya kwathu ku Chelstone, n'kuikapo achitsulo wamba. Anamwalira mvula ili pakati.

Maliro atatha, abale awo anagawana katundu. Galimoto anatenga alamu anga a ku Woodlands. Malimu anayi aja anali kuseri kwa khola la nkhuku, atafundidwa masaka. Sindine wakuba, koma tsiku limenelo pakamwa panga sipanatseguke.

Miyezi itatu ndinakhala ndi mantha kuti alamu abwera kudzawafuna. Kenako ndinaganiza zowamanga pa kagalimoto kanga, kuti wowafunayo achite kukakweza pa jeke anthu akuona.

Makaniko wa ku Kabwata anawerenga mabowo ndi chala, n'kuseka.

"Ba mami, aya yali na mabowo faifi, motoka yanu ili na mabauti folo. Siyangangene."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Tifake maadaputa. Koma matayala yazachoka panja pang'ono, musakadabwe."

Anandionetsa chitsulo chozungulira ngati mbale yophwathalala. Chimamangidwa pa mabauti anayi a galimoto, ndipo chili ndi mabauti akeake asanu olandira limu lachilendolo. Ndinakhala pa benchi tsiku lonse, mkazi ndekha pakati pa amuna onunkha oyilo, wopanda wondiuza ngati akumanga bwino kapena akundipusitsa. Ndinawasowa amuna anga koopsa, ngakhale kudandaula kwawo komwe.

Kagalimoto kanatuluka katatangadza miyendo. Pa hampu iliyonse tayala linkakhula m'mwamba, kwee! Sindinasamale.

Lamlungu lotsatira ndinapita dala ku tchalitchi cha alamu. Mawu ndinali nditakonzeratu: kuti ndine ndinkawatungira madzi opukutira, kuti galimoto yonse atenga kale, kuti awa okha ayi. Ndinaimika pafupi penipeni ndi galimoto ya malemu.

Mapemphero atatha alamu anabwera, makiyi ali m'manja. Anandipatsa moni, n'kuwerama kuyang'ana matayala.

"Mulamu, mwasintha malimu? Yaoneka bwino maningi. Munagula ku Kamwala?"

Ndinawayang'ana m'maso kuti mwina akundiyesa. Ayi ndithu, sankadziwa. Munthu woyamwa bere limodzi ndi malemu, amene ankatipeza pakhomo Loweruka, sanawazindikire.

"Ee, ku Kamwala," ndinayankha.

Anagwedeza mutu, nalowa m'galimoto n'kumapita. Ndinatsala nditagwira chitseko, mawu anga onse aja atasowa ntchito. Ndinali nditakonzekera kulimbana ndi munthu wowakumbukira, koma wokumbukirayo ndinali ine ndekha.