Mfundo ya pa Mwendo wa Tebulo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinadana ndi bambo anga chifukwa cha waya. Tinkakhala m'malaini a esiteti ya tiyi, kumunsi kwa phiri. Bambo anali ndi wailesi yaikulu ya masipika awiri yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo tcheyamani wa chipani ankaimezera mate. Munthu ameneyo sindinamukhululukire mpaka lero.

Tsiku lina tcheyamaniyo analamula kuti wailesiyo ituluke pabwalo, anthu onse amve Pulezidenti akulankhula. "Ikangozima ali pakati polankhula, achimwene, mukayankha nokha," anatero uku akuisisita. Tonse tinkadziwa kuti bambo akatengedwa, wailesiyo ikagona kwa tcheyamani.

Masiku onse mawaya tinkangowapanikiza ndi timitengo ta machesi. Tsikulo bambo anataya timitengoto. Popeza zala zawo zinali zitauma ndi chikwanje, ntchito inagwera ine, mwana wamkazi wa zala zowonda. Anandisendetsa waya ndi lezala, kundipotetsa timkuwa take mpaka tikhale chinthu chimodzi, kukoloweka pa sikuluwu yakumbuyo, wofiira kofiira, wakuda kwakuda, kenako kumanga ndi nsonga ya mpeni. Ndikamaliza ankakoka, n'kundimenya pachala, ndiyambirenso. Timkuwa tinandibaya mpaka magazi. Pomaliza anati waya aliyense ndimumange mfundo pa mwendo wa tebulo limene tinaikapo wailesi asanapite ku sipika. Ndinamanga ndikulira, mumtima ndikuwatukwana kuti ndi nkhalamba yankhanza.

Dzuwa linaswa mtengo, anthu ali duu pafumbi, masipika atapachikidwa mumtengo wa mango. Mawu ali mkati, tcheyamani anadzuka ngati akukathamangitsa ana, n'kudutsa kuseri kwa tebulo. Ndinaona ndi maso angawa akukola waya ndi nsapato, n'kukoka dala. Tebulo linagwedezeka, mfundo inalimba, koma mawu sanaduke ngakhale pang'ono. Tcheyamani anayang'ana bambo, bambo anayang'ana kuphiri.

Madzulo ake bambo sanapepese, ndipo sanatchule za nsapato ija. Anangondigwira chala chotupacho, n'kung'ung'udza m'Chilomwe kuti ndikachiviike m'madzi amchere.

Ndinkayesa kuti ankaopa mphepo kapena ana othamanga. Ndazindikira nditakula kuti ankadziwa mwendo umene udzadutse pamenepo, koma nthawi imeneyo dzina la mwini mwendowo sukanalitchula ngakhale kwa mwana wako. Zomwe sakanatha kundiuza pakamwa anandiuzira pa zala.