Mayi Msaiwale ndi Mtsikana wa M'mapepala

Mayi Margreth Msaiwale anaphunzitsa mabuku a Chingerezi pasekondale ina ku Lilongwe kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ana ankaopa bolopeni yawo yofiira kuposa chikoti. Atasamukira kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth, ndi amuna awo, a Lamson, amene anapeza ntchito ya zamagetsi ku Kwinana, mapepala awo auphunzitsi sanawapindulire kanthu. Anayamba kusamalira okalamba panyumba ina ku Rockingham: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwawerengera nyuzipepala. Ntchitoyo ankaigwira ndi mtima wonse, koma kutchalitchi akakumana ndi mlendo ankati, "Ine ndine mphunzitsi," ngati kuti choko chikadali m'manja.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Tamandani, amene anachoka ku Malawi ali ndi zaka zinayi. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi chomeza mawu cha ana a ku Perth. Mayi ake ankanyadira kuti mwanayo anatengera iwo pokonda mabuku. Zimene ankawerengazo sankazifufuza. Bola buku kusiyana ndi foni.

M'mwezi wa Malichi 2022, malire atatsegulidwa, korona inafalikira mumzinda. Mayi Msaiwale anawapeza nayo, ndipo banja lonse linabindikira m'nyumba sabata yathunthu. Tsiku lachinayi, thupi litasiya kutentha, anayamba kunyong'onyeka. Masana a tsikulo Tamandani, amene anali m'chaka chomaliza cha sekondale, anaima pakhomo pa chipinda chawo atavala masiki, mapepala ali m'manja.

"Mnzanga wina walemba nkhani ya mpikisano wa kusukulu," anatero akuyang'ana pansi. "Mungamuonereko?"

"Mnzako uti?"

"Simukumudziwa."

Mayi Msaiwale anasangalala ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake kuchilendo. Anafunafuna bolopeni yofiira m'kabati, nakhala tsonga pabedi.

Nkhaniyo ankaifotokoza ndi pakamwa pake mtsikana wotchedwa Lettie, amene ankakonda mtsikana mnzake, Kate, wa chipsera pansidze. Kate naye ankamukonda, koma Lettie sankatha kuvomera. Mauthenga a Kate ankawawerenga n'kukhala masiku atatu osayankha. Kate atamugwira dzanja m'sitima yopita ku Fremantle, iye analichotsa n'kuyamba kumunyoza pamaso pa anzawo. Ananamanso kuti ali ndi mnyamata. Kate anaganiza kuti Lettie amadana naye, Lettie anaganiza kuti Kate watopa naye, ndipo masamba makumi anayi anatha palibe wofunsa mnzake.

Zoti okondanawo anali atsikana okhaokha, Mayi Msaiwale anazilumpha ngati chithaphwi. Mumtima anangoti ndi za ana a azungu. Ukali wawo wonse unagwera Lettie. M'mphepete mwa masamba analemba kuti "Wamantha," kenako "Wodzikonda," kenako "Ndani angakonde munthu wotere?" Munthu yekhayo amene anamuchonga anali mayi ake a Lettie, amene ankakonza galamala ngakhale pamakhadi a Khirisimasi. Pamenepo analemba kuti, "Uyu yekha ndiye ali ndi nzeru." Kumapeto anawonjezera kuti nkhani yonse ikanathera patsamba lachitatu mtsikanayo akanakhala ndi pakamwa.

"Ukamuuze mnzakoyo kuti kulemba amatha," anatero pobweza mapepalawo. "Koma Lettie wakeyu ndi wonyansa mtima. Ndikanakhala mayi ake, ndikanachita manyazi."

"Akuopa, Amayi," Tamandani anayankha motsitsa mawu.

"Akuopa chiyani? Mantha si chiphaso chozunzira anthu."

Tamandani anatenga mapepalawo n'kutuluka.

Pasanathe ola, foni inalira. Anali Mayi Kasuba, namwino wa ku Zambia wogwira ntchito ku Nedlands, mnzawo wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Mwana wamkazi wa Mayi Kasuba, Chileshe, anakulira limodzi ndi Tamandani ngati mapasa. Atafunsana za matenda, Mayi Msaiwale anayamba kusimba nkhani imene anawerengayo, akuseka mpaka kutsokomola, chitseko chili chotsegula.

"Ana a kuno, amake Chileshe! Mtsikana kufera mtsikana mnzake, ati chifukwa cha kachipsera pansidze. Ndiye ati anagwirana manja m'sitima ya ku Fremantle."

Mayi Kasuba sanaseke nawo.

"Mwati chipsera pa nsidze? Analemba ni ndani?"

"Mnzake wa Tama."

"Oho. Nizatuma foni mailo, amake Tama."

Mawa lakelo foni sinalire. Chileshe anasiya kubwera kunyumba. Patapita mwezi, banja la a Kasuba linayamba kupemphera kumpingo wina, ndipo mauthenga a Mayi Msaiwale ankayankhidwa ndi mawu amodzi. Tamandani anayamba kudyera kuchipinda, n'kuonda mpaka yunifolomu kumukhwepa. A Lamson anati ndi msinkhu. Mayi ake anati ndi mayeso.

M'mwezi wa Ogasiti kunali msonkhano wa makolo kusukulu. A Paterson, mphunzitsi wa Chingerezi, anawalandira mwansangala.

"Ndinadandaula kwambiri Tamandani atachotsa nkhani yake pampikisano," anatero. "Papita zaka ndisanawerenge mwana wolemba choncho. Lettie uja ndi wovuta kumukonda, koma sutha kumusiya. Munaiwerenga?"

Mayi Msaiwale anavomera ndi mutu. Anathokoza Mulungu kuti anavala masiki yobisa nkhope. Zina zonse zimene a Paterson ananena sanazimve. Atafika m'galimoto anakhala osailiza. Chipsera cha pansidze ya Chileshe ankachidziwa: chilonda chake anachitsuka okha ndi manja awo, tsiku limene mwanayo anagwa panjinga kutsogolo kwa nyumba yawo. Mayi wokonza makhadi uja anali iwo, ndipo anadzichonga okha. Munthu amene anaphunzitsa ana mazanamazana kumva zimene wolemba sananene, analephera kumva mwana wake atamupatsa masamba makumi anayi m'manja.

Anapita kunyumba atatsimikiza kuti alankhula tsiku lomwelo. Sanalankhule. Tsiku lotsatira anagula mango okwera mtengo amene Tamandani ankawakonda n'kuwasiya pakhomo pa chipinda chake. Kangapo anaima pakhomopo dzanja lili m'mwamba, kenako n'kufunsa ngati ali ndi zochapa. Masabata atatu anatha choncho. Kuntchito ankatha kuuza nkhalamba yolira kuti ana ake sabwera lero, koma mawu awiri opepesa mwana wawo ankalephera kuwatulutsa.

Loweruka lina m'mawa anapita naye kukaphunzira kuyendetsa galimoto pabwalo loimikapo magalimoto lopanda anthu. Mwina chinawathandiza n'chakuti onse ankayang'ana kutsogolo.

"Ndinakumana ndi a Paterson," anatero.

Tamandani anaponda buleki mwamphamvu moti chikwama chinagwa kuchoka pampando.

"Anandiuza za nkhani ija. Kuti unalemba ndiwe."

"Mwezi watha umenewo."

"Eya. Ndakhala ndikusowa poyambira." Anatola chikwama chija. "Ndinati ndikanakhala mayi ake ndikanachita manyazi."

"Munatero."

"Manyazi ndili nawo, mwanawe, ondikwana. Koma si a iwe. Ndinalakwa. Undikhululukire."

Tamandani anagwira chiwongolero ndi manja onse. Misozi inkatsika koma mawu anali ouma.

"Anti Kasuba anamulanda foni Chileshe tsiku lomwe lija. Anawerenga zonse. Chileshe sanaloledwenso kukwera sitima yekha. Iye akuganiza kuti ndinakuuzani dala kuti ndithane naye, chifukwa ndinali nditamuchita kale zonse munawerenga zija. Ndinamva mukuseka, Amayi. Ndinali m'khitchini."



"Nanga zinazo?" Tamandani anapitiriza. "Munalemba pa tsamba lililonse. Galamala yonse munakonza. Koma zoti ndi mtsikana simunalembepo ngakhale kadontho."

"Ndinaona. Ndinachita ngati sindinaone." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Sindikunamiza kuti ndikuzimvetsa. Kumene ndinakulira zinalibe ndi dzina lomwe labwino. Koma ndiwe mwana wanga, ndipo m'nyumba muja ndi mwako. Sindidzakusekanso."

"Chabwino," anatero Tamandani. Sananene kuti wawakhululukira. Analiza galimoto, nazungulira bwalolo kawiri, ndipo pobwerera anaimika bwinobwino pakati pa mizere.

Sabata yotsatira Mayi Msaiwale anakwera sitima kupita kwa Mayi Kasuba. Anawalandirira pakhonde, osawalowetsa.

"Ndabwera kudzanena kuti Tama sananditume," anatero Mayi Msaiwale. "Pakamwa panga ndi pamene panalakwa. Chonde mumuuze Chileshe zimenezo."

"Imwe mwavomela vintu ivi?"

"Sindinabwerere zimenezo. Ndangoti mwanayo adziwe kuti mnzake sanamupereke."

"Namvela," anatero Mayi Kasuba, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Ngati uthengawo unafika, Mayi Msaiwale sakudziwa mpaka lero. Chaka chotsatira Chileshe anapita kukaphunzira kumzinda wina wakutali, ndipo iye ndi Tamandani sanabwererane.

Tamandani anakhoza mayeso ake n'kuyamba yunivesite. Zoti amakonda atsikana anawauza yekha bambo ake patatha chaka, mayi ake atakhala pambali pake pasofa. A Lamson anatha sabata osalankhula, kenako Loweruka anadzuka n'kusintha matayala a galimoto ya mwanayo, namuuza kuti asamathamange pamsewu waukulu. Pano Tamandani amakhala ku Fremantle ndi anzake awiri ndipo amabwera kunyumba Lamlungu lililonse. Kulemba sanasiye. Mayi ake amadziwa zimenezi chifukwa amamumva akuuza bambo ake, koma Tamandani sanawaonetsenso tsamba ngakhale limodzi, ndipo iwo sanapemphe.

Mayi Msaiwale akusamalirabe okalamba ku Rockingham, ndipo kuchigwirizano amapitabe. Nthawi ya tiyi amayi anzawo amakonda kufunsa kuti, "Nanga Tama atibweretsera liti mkamwini? Tikufuna kuvina ife." Masiku ena amalimba mtima n'kuyankha kuti moyo wa Tama ndi wa mwini wake, ndipo amayiwo amayang'anizana. Masiku ena mphamvu zimawathera, amangoseka nawo n'kunena kuti Mulungu akalola. Tsiku lotero amabwerera kunyumba wailesi ili yozima, ndipo Tamandani akafunsa kuti kutchalitchi kunali bwanji, amayankha akuyang'ana m'sinki.