Tsiku Limene Azakhali Anakweza Nyimbo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, chifukwa ndi chaka chimene ndinada munthu amene ankandidyetsa. Ndinali nditachoka kwathu ku Zóbuè, kumapiri kozizira kuja, n'kukakhala kwa azakhali anga aRoza ku Moatize kuti ndipitirize sukulu. Tsiku lonyamuka bambo anandiperekeza mpaka pamsewu. Shapa, kaminibasi kathu kaja, isananyamuke, anandiuza kuti ndikadzangobwerera wopanda pepala la sukulu, khasu langa lili pakhonde, ndipo mnyamata amene ankandifunsira uja sanakwatire. Bambo sankadziwa kuopseza mwana. Ankangonena zimene zidzachitike.

Moatize ya masiku amenewo inali yotentha, yaphokoso, yodzaza alendo ofuna ntchito ya malasha. Kumgodi akaphulitsa miyala masana, malata ankanjenjemera, kenaka fumbi lakuda linkatsika pang'onopang'ono pa chilichonse: pamtsuko, pazovala zoyanika, m'maso mwa mbuzi. Azakhali ankagulitsa ufa pamsika, ndipo ufa umafuna dzuwa. Kwathu amayi ankauyanika pamphasa tsiku lonse, n'kuuwola uli mbee. Ku Moatize ukauyanika m'mawa, pofika masana wasanduka wotuwa ngati phulusa, ndipo podya umakukuta mchenga. Ndiye azakhali ankauyanika m'nyumba, zitseko zotseka, mpaka unkanunkha chuku ndipo ogula ankanyinyirika. Mwana wawo womaliza, Nelito, anali asanayambe n'sukulu yomwe koma ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya.

Chinali chaka cha chisankho. Mtsogoleri wa chipani china chachikulu, amene dzina lake sinditchula poti onse pakamwa pawo n'chimodzimodzi, anali atalengeza mfundo zake. Ankati migodi iwonjezeke, wina utsegulidwe ku Nkondezi, ndipo wachinyamata aliyense adzapeza ntchito. Nditamva za Nkondezi mtima unandiwawa, chifukwa kumeneko ndi pakhomo pa kwathu. Ndinaona m'maganizo mphasa ya amayi itada.

Kusukulu tinkakangana za mfundozi nthawi yopuma, pansi pa mtengo umene masamba ake anali ataiwala kubiriwira. Mnzathu Zeka, amene bambo ake ankayendetsa chigalimoto cha mumgodi, ankaikira kumbuyo mtsogoleriyo ndi mtima wonse.

"Fumbi limachoka ndi sopo," ankatero, akugwedeza nsapato zake zatsopano. "Nanga njala muichapa ndi chiyani?"

Sindinganame, funso lakelo linali lolemera. Koma ine pakamwa panali pakuthwa. Ndinkamufunsa ngati sopo wakeyo amalowanso m'chifuwa mwa mwana, ndiponso ngati mtsogoleriyo anafunsapo mabanja a ku Bagamoyo, amene anawasamutsa chifukwa cha mgodi n'kusiya minda ndi manda, kuti ntchito zawo zili kuti. Anzathu ankakuwa, ena mbali yake, ena mbali yanga. Palibe mwa ife amene anali ndi zaka zoponya voti, koma tinkatuluka thukuta ngati dziko lili m'manja mwathu.

Phokoso lathulo linafika kwa aDiretoro, mkulu wa sukulu. Anatiitana ine ndi Zeka, n'kutiuza kuti mtsogoleri uja akubwera kudzachititsa msonkhano, ndipo wapempha kuti ophunzira awiri akanene maganizo awo pa mfundo zake.

"Akufuna kumva achinyamata. Mukalankhule momasuka," anatero aDiretoro akumwetulira. Kenaka anandigwira paphewa, chala chawo chikulowa m'fupa. "Koma amene akachititse manyazi sukulu ino, iwe Lusiya, asadzaonekenso pachipata changa."

Ndinamva zonse ziwiri. Koma ndinali mwana, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wamkulu akaona chinthu ndi maso ake sangachikane. Ndinkati mtsogoleriyo sakudziwa chabe, amubisira. Akangodziwa, aDiretoro omwewo adzandiombera m'manja. Ndinatapa ufa pang'ono wa azakhali, n'kuuika m'mbale padenga la bafa kuti fumbi liuchite zimene limachita. Patapita masiku unali utada bii, ndipo ndinaumanga m'kampango.

M'mawa wa tsiku la msonkhano azakhali anandipeza ndikuubisa m'thumba la siketi.

"Muli chiyani m'kampangomo, mwanawe?"

"Mulibe kanthu, azakhali."

Anayang'ana thumba langa, anayang'ananso mbale ili padenga. Anangomanga bwino nsalu yawo yatsopano yokhala ndi nkhope ya mtsogoleriyo. Amayi onse a pamsika anali atapatsidwa nsalu zoterozo, ndipo ankadziwa kuti amene saoneka akuimba kumsonkhano adzapeza benchi lake lili ndi mwini wina. Azakhali ndiwo ankatsogolera nyimbo, chifukwa mawu awo ankadzaza tchalitchi popanda chokuzira mawu.

Tsiku limenelo Moatize inasamba. Magalimoto a madzi anathirira msewu kuyambira mbandakucha, ndipo kumgodi sanaphulitse mwala ngakhale umodzi. Kumwamba kunali kowala moti ndinachita kudabwa kuti kani mapiri aja amaoneka. Zimenezi zikanandiphunzitsa kanthu ndikanakhala wochenjera: anthu amene amadziwa tsiku lozimitsa fumbi, fumbilo amalidziwa. Koma ine ndinangopsa mtima, n'kugwiritsitsa kampango kanga.

Tinakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ana ena mpaka kukomoka. Mtsogoleri anafika dzuwa litapendeka, wonenepa bwino, malaya oyera opanda kadontho. Analankhula zake zija za migodi ndi ntchito. Kenaka anaitana ophunzira. Zeka analankhula bwino, ndipo zimene ananena zinali zochokera mumtima mwake. Anthu anaomba m'manja.

Itafika nthawi yanga, ndinapita kutsogolo. Ndinapereka ulemu m'Chipwitikizi monga anatiphunzitsira. Ndinati ntchito tikuzifuna, ndipo tikuthokoza poganizira achinyamata. Mtsogoleri anagwedeza mutu. Pamenepo ndinatulutsa kampango kaja, ndinakamasula, n'kukakweza m'mwamba.

"Abwana, uwu ndi ufa umene..."

Sindinamalize. Kuchokera pakati pa amayi aja kunabuka mawu amene ndikanawazindikira ngakhale ndili m'tulo, mawu amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse ndi nyimbo za kutchalitchi. Azakhali anakweza nyimbo yotamanda mtsogoleri. Amayi onse anailandira, ng'oma zinalowerera, nthungululu zinang'amba mlengalenga. Ndinakuwa m'chokuzira mawu za Nelito, za Nkondezi, za amayi anga, koma ngakhale ine mwini sindinadzimve. Amayi aja anasefukira kutsogolo akuvina, azakhali ali patsogolo penipeni, thukuta lili chuchuchu. Anandigwira padzanja ngati akundikokera m'bwalo kuti tivine, koma anafinya mpaka zala zinatseguka. Ufa unagwa pansi, ndipo mapazi ovina anaupondaponda.

Misozi inatsika. Mtsogoleri anaseka, anadzuka n'kuvinako pang'ono, kenaka analoza ine.

"Mwaona? Mwana uyu wasangalala mpaka kulira! Achinyamata ali nafe!"

Khamu lonse linakuwa. ADiretoro anandisisita pamutu, akuti ndachita bwino ngakhale manyazi anandigwira kumapeto. Sanamve kanthu, ndipo ufa sanauzindikire. Mpaka lero ndikakumbukira dzanja lawo lija pamutu panga, thupi limachita nyansi.

Madzulo azakhali atafika kunyumba, sindinawalandire katundu ndipo sindinagwade. Ndinaima chilili pakhomo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu wamkulu.

"Mwandigulitsa ndi nsalu imodzi, azakhali."

Ndinkayembekeza mbama. Iwo anakhala pansi, anatsokomola nthawi yaitali chifukwa cha kuimba kuja, kenaka anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Iwe ukuyesa kuti ufa umenewo mtsogoleriyo saudziwa? Amaudziwa kuposa iwe. Mawa iye ali m'ndege, iwe uli m'shapa ya ku Zóbuè ndi chikwama pamiyendo. Achimwene, bambo ako, ndikanakawauza kuti chiyani?"

"Nanga Nelito? Mwamuimbira nyimbo munthu amene..."

"Nelito ndinabereka ndine. Usandiphunzitse chifuwa cha mwana wanga."

Anavula nsalu ija, anaing'amba pakati ndi mano, n'kundiponyera chidutswa chimodzi kuti ndikolopere m'nyumba. Ndinakolopa ndikulira, nkhope ya mtsogoleri ili pansi pa manja anga, koma mkwiyo wanga sunali pa iye. Unali pa azakhali. Miyezi yonse yotsala ya chaka chimenecho ndinkangowapatsa moni basi. Ndinkadya chakudya chawo, kugona pamphasa yawo, ndikuwaona ngati munthu wamantha wopanda msana.

Sukulu sanandichotse. Ndinalemba mayeso, ndinakhoza, ndinapitiriza mpaka kukhala namwino. Khasu lija linakalamba pakhonde popanda ine. Nelito anakula, ngakhale kuti mpaka lero sathamanga. Azakhali anamwalira ndi chifuwa zaka zingapo zapitazo, ndili pambali pawo ndi yunifolomu imene nyimbo yawo inandigulira. Nkhani ya tsiku lija sitinaikambenso. Iwo sanapepese, inenso sindinathokoze, ndipo ndikuganiza kuti tonse tinkadziwa chifukwa chake.

Anthu amati munthu akakula mtima umazizira. Wanga sunazizire, unangopeza mwini wake. Tsopano ndikudziwa kuti azakhali sanali amantha. Anayeza zimene ine sindinkatha kuyeza, n'kusankha kuti ndiwade koma ndiphunzire. Amene ndimakwiya nawo ndi aja amaitana ana kuti anene maganizo awo atakonzeratu chilango cha yankho lolakwika, aja amathirira msewu tsiku limodzi n'kutisiyira zaka zonse zotsalazo. Anachititsa mayi amene mwana wake ankatsokomola kuimba mokweza kuposa onse kuti choonadi chisamveke, ndipo sanachite kumuuza. Anachita yekha, chifukwa cha chikondi. Zimenezo ndiye sindidzawakhululukira.

Chaka chino kulinso chisankho, ndipo kwabwera mtsogoleri wina ndi mfundo zake. Mwana wanga wamkazi wafika kunyumba akudumphadumpha kuti asankhidwa kukanena maganizo a ophunzira pamsonkhano. Pakamwa pake m'pakuthwa kuposa panga, ndipo mayeso ake ali pafupi. Wandifunsa ngati anene zonse. Ndamuuza kuti anene zonse, asasiyeko ngakhale liwu limodzi, ndipo ndamulonjeza kuti ndidzakhalapo. Chimene sindinamuuze n'chakuti ndidzaima pakati pa amayi, kuti inenso mawu ndili nawo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha kutseka pakamwa.